Makina ochapira pogona achemwali

Nyumba imene a esiteti ya tiyi anatipatsa inali ndi zipinda ziwiri zogona, pabalaza, ndi kakhitchini koti munthu ukaima pakati n'kutambasula manja unkagunda khoma uku ndi uku. M'menemo munali sinki ndi mpopi, ndipo mpopi wa m'nyumba yonse unali womwewo. Munalinso kabati ya mbale ndi shelefu yopendekeka imene amuna anga anakhoma chaka chimene tinalowa. Pakati pa kabatiyo ndi chitseko cha kuseri panatsala kamalo kokwana mphasa imodzi yokha. Pamenepo ndi pamene ankagona achemwali anga.

Achemwaliwa ndiwo anandilera. Mayi anamwalira ndili mwana wosadziwa n'kumanga nsalu komwe, ndipo iwo anasiya sukulu n'kumakathyola tiyi nyengo ya mvula kuti ine ndiphunzire. Uphunzitsi umene ndikudyerawu unachokera m'dengu lawo la tiyi. Anakwatiwa kumudzi kwathu komweko, kufupi ndi Muloza, koma mphatso ya ana sanaione, ndipo amuna awo sanakhalitse, anamwalira. Chaka cha namondwe uja madzi anatsika m'phiri ndi miyala ndi mitengo, n'kukokolola nyumba yawo, mbuzi, ndi chigawo cha munda umene mayi anatisiyira. Ndinakawapeza pa sukulu ina pamene anasonkhanitsa anthu, atakhala pa desiki ya ana aang'ono, mawondo ali pachifuwa. Ndinawatenga tsiku lomwelo.

Amuna anga anawalandira bwino, pamenepo sindingawanamizire. Anaima pakhonde, anthu a m'malaini a nyumba za antchito akumva, n'kunena kuti, "Alamu, pano ndi panu. Musadzione ngati mlendo." Vuto linali pogona. M'chipinda chachiwiri munkagona ana athu aamuna, onse atayamba kale kumera ndevu. Pabalaza bambo a anawo anakana, chifukwa anzawo a ku fakitale ankabwera kudzaonera mpira, ena n'kumagogoda m'mamawa ndi nkhani za ntchito. Achemwali anasankha okha khitchini. Anati m'menemo mumafunda. Akatha kutsuka mbale ankasesa, n'kuyala mphasa yawo, ndipo kukacha ankaipinda n'kuitsamiritsa kuseri kwa chitseko.

Ntchito yochapa anaitenga okha, osawapempha. Ine ndinkalawirira kusukulu, pobwera n'kupeza chingwe chadzaza. Amene sanachapepo ovololo ya munthu wa ku fakitale ya tiyi sangadziwe zimene ndikunena. Fumbi la tiyi likasakanizana ndi thukuta ndi girizi limalowa m'nsalu ngati utoto. Achemwali ankainyika ovololoyo kuyambira dzulo lake, n'kuipikita pa simenti ya kuseri mpaka zala kutuwa. Chiperoni chikabwera, mvula yamawawa ija yosadziwa kukata, zovala zinkakhala pachingwe masiku osauma, ndipo iwo ankaziyanika pa mipando mozungulira mbaula, kenako n'kusita chilichonse, ngakhale masokosi, poopa mphutsi. Amuna anga ankapita kuntchito akuwala. Anzawo ankawafunsa ngati analemba wantchito.

Makina anabwera chaka chachiwiri, pa thirakitala ya esiteti. Bwana wa fakitale ankasamuka, ndipo katundu wina anamugulitsa kwa antchito ake akuluakulu. Ena anatenga mipando, ena firiji. Amuna anga, amene nthawi imeneyo anali atangokwezedwa kukhala woyang'anira shifiti, anatenga makina ochapira zovala. Sanandifunse. Ndinangomva thirakitala ikuima pakhomo Loweruka masana, n'kuona amuna angapo akutsitsa chinthu choyera, chachitseko chagalasi chozungulira, akubuula ngati anyamula mwala. Amayi a m'malaini anabwera ndi ana kumsana. Wina anasuzumira pagalasipo n'kufunsa ngati mumalowa bulangeti. Bambo ankayankha mafunso onse ngati makinawo anawapanga okha.

Achemwali anaima chapatali, manja ali ndi thovu. Anangoti, "Alamu, mwatigulira zabwino," n'kubwerera ku beseni lawo.

Makinawo tinawasiya pakhonde, titawafunditsa pepala la pulasitiki. Mawa lake, titachoka ku tchalitchi, kunabwera pulambala wa pa esiteti, bambo wachikulire wosalankhulalankhula. Anazungulira nyumba yonse ndi tepi yake, kenako anafotokoza kuti makina amtundu umenewo amafuna zinthu zinayi pamalo amodzi: mpopi, potulukira madzi akuda, soketi ya magetsi, ndi simenti yosapendekeka. Analowa m'khitchini, n'kugwada, n'kuyeza kuchokera pa kabati kufika pa chitseko. Mphasa ya achemwali inamutchinga, ndipo anaisuntha n'kuiika panja.

"Apa pokha ndiye pangatheke, bwana," anatero. "Tiboola khoma apa, paipi ituluke kukagwera mu ngalande."

"Pamenepo pamagona munthu," ndinatero ine.

Pulambalayo anandiyang'ana, anayang'ana amuna anga, n'kupinda tepi yake. Anati ayitanidwe tikagwirizana. Achemwali anali atakhala pa sitepe ya kuseri akusenda chinangwa, ndipo mpeni wawo sunaime.

Masabata otsatira ine ndinasanduka wopenga ndi kufunafuna malo. Ndinayamba ndi khonde la kuseri. Ndinati timange kakhoma ndi kadenga, makina akhale m'menemo. Amuna anga anati nyumba ndi ya kampani, sungaonjezere ngakhale njerwa imodzi popanda chilolezo, komanso akuba sangachedwe kumva. Ndinapita ndekha kwa mkulu woyang'anira nyumba, ndipo anandiuza kuti akalola ine, mawa aliyense adzafuna kumanga khola la nkhuku. Ndinaganiza za kubafa, koma bafa yathu inali panja, yopanda magetsi, denga lake lodontha. Tsiku lina nditaweruka msanga ndinatulutsa mbale zonse, n'kukokera kabati pabalaza mothandizana ndi achemwali. Tinayeza ndi nsalu, chifukwa tepi tinalibe. Makina akanalowa pamalo a kabati, koma anali onenepa kuposa kabatiyo, moti mphasa ikanayenera kupindidwa pakati. Achemwali anagona pansi kuyesa, miyendo atapinda, n'kuseka.

"Ndikwana, iwe. Ine si wamtali."

Bambo atabwera n'kupeza kabati pabalaza, sanakhale n'komwe pansi. Anati pabalaza pawo si pa golosale, kabati ibwerere kumene inali. Inabwerera.

Tinakangana Lamlungu lina masana, m'chipinda mwathu, chitseko chili chotseka. Koma makoma a nyumba za esiteti sasunga mawu, ndipo tonse tinkadziwa zimenezo.

"Ndiye agone pabalaza," ndinatero. "Azidzuka anthu asanabwere. Amadzuka kale tonse tisanadzuke."

"Munthu wamkulu ngati amene uja kumagona pabalaza? Anthu aziti chiyani?"

"Nanga m'khitchini anthu amati chiyani?"

"M'khitchini saona."

Ndinawauza kuti ngati zili choncho agulitse makinawo. Ku Chitakale kuli eni mashopu okhala m'nyumba zazikulu, akanawagula tsiku lomwelo. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Anthu aona kale, mayi. Laini yonse yaona. Ndigulitse kuti azinena kuti ndalephera kupeza poika? Komanso ndikuchitira inu. Mukufuna muzingopikita zovala pamanja mpaka kukalamba?"

"Amene amachapa muno si ine."

"Ndiye kuti alamu apuma."

"Apumira kuti?"

Anamanga lamba wa wotchi yawo. Kenako ananena mawu amene mpaka lero ndimawamva ndikawayang'ana kumaso.

"Anabwera chifukwa cha madzi. Madzi anaphwa kalekale."

Achemwali anali atamva zonse. Anangoyamba kuchapa. Anachapa makatani onse, mabulangeti, nsalu za pa mipando, maneti a udzudzu, mpaka matumba opanda kanthu amene tinkasungira chimanga. Sabata yonse kuseri kwa nyumba kunali ngati pa msika wa kaunjika. Loweruka m'mawa tikuyanika limodzi, anandiuza nkhope ili kuchingwe.

"Ndilowera kwa atsibweni. Ndatumiza kale uthenga."

Atsibweni athu, achimwene awo a malemu mayi, ankakhala tsidya la malire, mbali ya Milange. Anali okalamba, ndipo pakhomo pawo panali podzaza kale ndi zidzukulu.

"Achemwali, musapite. Ndipeza njira. Ngati kuli kuchoka tichoke tonse."

"Usalankhule zachibwana. Uli ndi ntchito, uli ndi ana. Ukwati ndi wako, iwe. Ine ndisakhale chifukwa."

"Munandilera ndinu."

"Ndinakulera kuti ukhale pakhomo pako. Gwira uko, bulangetili likugwa."

Ndinagwira. Ndinalira nkhope nditaibisa m'bulangeti lonyowalo, iwo akupanira.

Ananyamuka Lolemba, limene linali tsiku la tchuthi kusukulu. Katundu wawo yense anakwana m'chikwama chimodzi cha pulasitiki, mphasa atamangirira pamwamba. Amuna anga anatuluka ndi paketi ya shuga ndi sopo, n'kuwapatsa ndi manja awiri. "Mwafulumiratu, alamu," anatero. "Ife timati mukhalabe." Achemwali anagwada pang'ono, n'kuthokoza chifukwa chowasunga nthawi yonseyi. Ine ndinayang'ana kumbali, chifukwa ndikanayang'ana bambowo ndikanalankhula zoti ana asamve.

Ndinawaperekeza mpaka pa siteji ya Chitakale. Minibasi ya ku Muloza inachedwa kudzaza, ndipo tinakhala nthawi yaitali iwo ali m'kati, ine ndili panja pa windo, tikukamba za mtengo wa nandolo. Itanyamuka ndinakwera kabaza kubwerera. Ndisanafike pakhomo ndinamva kugogoda kwa hamala. Pulambala anali ataboola kale khoma, fumbi la njerwa lili mbwee pa mbale zanga, makina atakhala kale pamalo pawo. Munthu amene uja sabwera osaitanidwa, ndipo sabwera tsiku lomwe waitanidwa. Ndinadziwa kuti tsiku linapanganidwa kale.

Kuchapa koyamba kunali ngati chionetsero. Bambo anaitana anzawo, anaika okha zovala, anathira sopo waufa wodzaza dzanja kawiri. Thovu linatuluka pansi pa chitseko cha makina n'kuyenderera mpaka pabalaza. Pofinya, makinawo anayamba kunjenjemera n'kumayenda okha pang'onopang'ono mpaka anatseka chitseko cha kuseri. Anthu anaseka, bambo nawo anaseka, ine ndinakolopa.

Pambuyo pake tinaphunzira khalidwe lawo. Ankadya mayuniti a magetsi ngati mbuzi m'munda wa mbatata. Magetsi akazima ali pakati pa ntchito, chitseko chinkakana kutseguka, ndipo zovala zinkakhala m'madzi mpaka magetsi adzabwere. Ulendo wina ovololo zonse za bambo zinatsekeredwa m'menemo, iwo n'kupita kuntchito atavala thalauza la ku tchalitchi. Chilimwe chikafika madzi a mumpopi ankatuluka ochepa ngati misozi, ndipo makina ankangolira osayamba. Bulangeti lalikulu silinkalowa. Chiperoni nacho sichinasinthe chifukwa choti kwathu kwabwera makina. Zovala zinkakhalabe pachingwe osauma, ndipo woziyanika pa mbaula ndi kuzisita tsopano ndinali ine, nditabwera kusukulu ndi makope oti ndichonge.

Khitchini inasanduka njira ya mbewa. Chitseko cha kabati chinkatseguka theka. Kuti ndifike pa sinki ndinkayenda chammbali, ndipo m'chiuno mwanga simunkasowa chotupa chifukwa chogunda pakona ya makinawo. Anthu awiri sakanatha kuimamo. Kale ine ndi achemwali tinkakwanamo, wina akudula masamba wina akutsuka, tikukamba za anthu a kumudzi. Tsopano ndinkaphika ndekha, chinthu choyeracho chikundiyang'ana ndi diso lake lagalasi.

Tsiku lina bambo ananyamula ovololo yawo n'kuiyang'ana pa dzuwa. Madontho a girizi anali pomwepo, kolala ili bii.

"Zovala masiku ano sizikuyera ngati kale," anatero.

"Kalelo ankachapa ndani?"

Anaivala momwemo. Kuyambira pamenepo ovololo ndinkazichapa pamanja pa simenti ya kuseri, ndipo makina ankagwira ntchito mwa apo ndi apo, makamaka kukabwera alendo oti aone. Masiku ena onse pamwamba pake pankakhala beseni la tomato ndi botolo la mafuta ophikira. Sanaonongeke. Akanaonongeka mwina mtima wanga ukanatsika.

Achemwali ndinakawaona patapita miyezi. Ndinawoloka pa Muloza, n'kukwera kabaza mpaka kwa atsibweni. Ndinapeza akugona m'kanyumba kosungira makasu, ndipo masana ankasenza katundu wa amalonda kuwolotsa malire, matumba a ufa ndi zigubu za mafuta, pamutu womwe uja unkasenza dengu la tiyi. Anali ataonda, koma ankayenda mowongoka. Anandiyalira mphasa pamthunzi, anandipatsa madzi, n'kukhala chapatali pang'ono.

"Mwayenda bwanji? Alamu ali bwanji? Nanga ana?"

Chibadwire changa anali asananditchulepo kuti inu. Ndinali iwe pamene ankandisambitsa, iwe pamene ankandikalipira, iwe pa tsiku la ukwati wanga. Ndinayankha mafunso awo onse ngati mlendo, ndipo zimene ndinakonza kuti ndinene ndinabwerera nazo. Sanandidandaulire kanthu. Ananditsanzika ndi nsalu yatsopano, ya mtundu umene kumeneko amati kapulana, ndipo nditakana anati ndisawachititse manyazi.

Ndi ndalama za katundu wa pamutuyo anabwerera kumudzi kwathu n'kuumba njerwa. Anamanga kanyumba ka malata kumtunda kwa munda wa mayi, kumene madzi sanafike. Malata ena ndinawatumizira ine, koma khoma lonse ndi thukuta lawo. Kunyumba ya esiteti anabwerako kamodzi kokha, pa chinkhoswe cha mwana wathu wamkulu. Anaphika ndi amayi anzawo panja tsiku lonse, ndipo atafuna mchere anatuma munthu kuti akatenge m'nyumba. Dzuwa lisanapendeke anatsanzika.

Chaka chatha amuna anga analandira uthenga woti nthawi yawo yopuma ntchito yayandikira. Munthu akapuma, nyumba ya esiteti amaibweza. Kwawo kwa bambowa malo ndi a alongo awo ndi ana a alongo awo, monga mwa mwambo wathu, ndipo zaka zonsezi sanagule puloti kulikonse. Kotsala kunali kumodzi: kumudzi kwa mkazi wawo, pa malo a mayi anga, pamene wamkulu woloza pomanga tsopano ndi achemwali.

Anazungulirazungulira masiku angapo asanaitchule nkhaniyo. Kenako m'mawa wina, akumwa tiyi, anati, "Mayi, mukapita kumudzi mukalankhule ndi alamu za malo."

"Pakamwa muli napo. Mukalankhule nokha."

Tinapita tonse Loweruka. Bambo anavala jekete, ananyamula shuga, mafuta ndi nsomba zouma. Njira yonse ine ndinkayembekezera chinthu chimodzi. Sindinkafuna kuti achemwali atikanize, chifukwa kopita kwina tinalibe. Ndinkangofuna kuti anene mawu amodzi okha, kapena awasiye bambowo adikire pang'ono pa dzuwa, amve mmene zimamvekera.

Tinawapeza akupalira nandolo. Anasamba m'manja, anatulutsa mpando wawo umodzi n'kupatsa alamu awo. Bambo anayamba ndi za mvula, za msewu, za matenda a miyendo, kenako anafika pa nkhani, mawu akutuluka pang'onopang'ono, chipewa chili pa bondo. Achemwali anamvetsera mpaka mapeto. Anadzuka, anatenga khasu, n'kutiuza kuti tiwatsatire. Anatitengera pamalo okwera, pafupi ndi mitengo ya mapeyala imene mayi anadzala, pamene phiri limaoneka lonse ndipo madzi sadikha. Anali malo abwino kuposa pamene anamanga iwo eni. Analemba malire ndi khasu, kuchokera pa chulu kufika pa mtengo wa mango.

"Apa mumange, alamu. Dothi la njerwa lili kumunsiko. Mukafuna anthu oumba mundiuze, ndikuwadziwa amene sanama."

Bambo anawomba m'manja, anathokoza mobwerezabwereza. Ine ndinaima ndi chikwama changa, osadziwa kuti ndikwiyire ndani. Achemwali anatiphikira, anatipatsa nanazi ndi chinangwa cha panjira, n'kutiperekeza mpaka pamsewu.

Mu minibasi tinakhala mothithikana kumpando wakumbuyo, nanazi ali pamiyendo panga. Tinadutsa minda ya tiyi, anthu akuweruka ndi madengu kumsana. Titayandikira Chitakale bambo anapumira m'mwamba ngati munthu amene watula katundu.

"Alamu aja ndi munthu wabwino kwambiri," anatero. "Alibe mangawa."

Ndinawauza kuti asendere uko, akundipana.